Sinki ya mu labotale ili ndi kothera

M'malabotale ambiri muli lamulo losalembedwa paliponse koma lodziwika kwa aliyense: mankhwala osungunulira akatsala pang'ono m'kabotolo, thirani mu sinki, tsegulani mpopi kwambiri, zisukuluka. Wophunzira watsopano akafunsa ngati zimenezi sizikawononga kanthu kutsogoloko, amamusonyeza pepala la chitetezo lomwe limabwera ndi botolo lililonse, pa gawo 12, pamene pamalembedwa za chilengedwe. Pamenepo amawerenga kuti methanol amafunika mamiligalamu oposa 15,000 pa lita imodzi ya madzi kuti aphe theka la nsomba zoyeseredwa. Nambala yaikulu chonchi imakhazika mtima pansi. Wophunzirayo amathira, ndipo chaka chamawa ndiye amene adzauze mnzake watsopano kuti palibe vuto.

Ine ndikuti nambala imeneyi anthu akuiwerenga molakwika. Ndi yoona, ndipo amene anaiyeza anagwira ntchito yabwino, koma funso limene imayankha si loti "kodi ndingathire mu sinki?" ayi. Munthu amene sadziwa kumene paipi ya sinki yake imathera alibe pomwe angaimire pothiramo mankhwala osungunulira, kaya ndi chloroform woopsa uja kaya ndi ethanol amene aliyense amamuona ngati wofatsa.

Nambalayo amaitcha LC50. Njira yotchuka yoipezera ndi ya bungwe la mayiko ogwirizana pa zachuma ndi chitukuko la OECD, nambala 203, yomwe inakhazikitsidwa mu 1981 n'kukonzedwanso mu 1992 ndi mu 2019. Amandanda timathanki tagalasi tosachepera tisanu, kalikonse kali ndi mankhwala ochuluka kuposa kanzake, ndi kena kopanda mankhwala koyerekezera. M'kathanki kalikonse amaikamo nsomba zosachepera 7, zazing'ono, zathanzi, zamsinkhu umodzi. Madzi ndi oyera, okosijeni ndi wokwanira, kutentha sikusinthasintha. Kwa maola 96 woyesayo amabwera ndi kope lake kudzasuzumira. Iyi yayamba kusambira chopendekeka. Iyo yagona chagada pansi, koma makha, ziwalo zimene imapumira zija, akukupizabe. Inayo waikhudza kumchira koma ili zii, ndiye kuti yafa, aivuula n'kulemba. Akatha masiku anayi amawerengetsa mlingo wa mankhwala umene ungaphe theka la nsombazo.

Theka, owerenga. Pa mlingo umenewu nsomba imodzi mwa ziwiri zilizonse yafa kale, ndipo zotsalazo sikuti zili bwino. Palibe amene angaloze malo oterowo n'kunena kuti apa ndiye pothera chitetezo. Komanso chimene chayezedwa ndi mankhwala amodzi okha, kwa masiku anayi okha, pa nsomba zosadwala, m'madzi opanda chinyalala china chilichonse. Mtsinje weniweni sukhala choncho. Muli mazira, muli tiana tongoswedwa kumene, muli zonyansa zochokera kwina, ndipo paipi ya labotale siitsanula masiku anayi n'kusiya.

Vuto lina ndi lakuti mawu oti "mankhwala osungunulira" amaunjika pamodzi zinthu zotalikirana kwambiri mphamvu. Methanol amapha theka pa mamiligalamu 15,000 mpaka 29,000 pa lita, malinga ndi mtundu wa nsomba. Ethanol ali cha m'ma 13,000 mpaka 15,000. Acetone, wotsukira magalasi uja, ali pakati pa 5,500 ndi 8,300. Acetonitrile amatsikira cha m'ma 1,600, dichloromethane cha m'ma 200. Kenako manambala amagwa chagwereni: chloroform amapha theka la nsomba za rainbow trout pa mamiligalamu 18, toluene pa osakwana 6, ndipo hexane amapha theka la tinsomba ta fathead minnow pa mamiligalamu 2.5 okha. Kuchokera pa methanol kufika pa hexane, pa nsomba ya mtundu umodzi, mphamvu yakupha yachuluka pafupifupi ka 10,000. Mabotolo awiriwa amakhala pa shelefu imodzi, onse amaoneka mbee ngati madzi, ndipo dzanja lozolowera kuthira limodzi silivuta kuthiranso linalo.

Kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa chake, ndipo chinadziwika kalekale. Mu 1899 Hans Horst Meyer, ndipo mu 1901 Charles Ernest Overton, aliyense payekha, anapeza kuti mphamvu ya mankhwala ogonetsa imayenderana ndi mmene mankhwalawo amakondera mafuta kuposa madzi. Overton ankayesera pa mbululu, ana a achule, n'kumaona mlingo umene zimasiyira kugwedezeka. Selo iliyonse m'thupi ndi yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamafuta. Mankhwala okonda mafuta akafika m'magazi amathamangira m'kachikopa kameneka n'kuunjikana, mpaka maselo a mitsempha amalephera kutumiza uthenga. Nsomba imayamba ngati yaledzera, kenako imakomoka, kenako imasiya kupuma. Methanol amakonda madzi, choncho amafunika wambiri kuti akwane m'maselomo. Toluene akaikidwa pakati pa madzi ndi mafuta oyesera, amachuluka m'mafutamo kuposa m'madzi ka 500 ndi kupitirira, ndipo hexane amachuluka kambirimbiri kuposa pamenepo. Labotale ya boma la America ku Duluth, m'mbali mwa nyanja ya Superior, inayesa mankhwala pafupifupi 600 pa tinsomba ta fathead minnow, ndipo ambiri osungunulira anatsata ndondomeko yomweyi.

Nsomba ndiyo ili pa mavuto aakulu pa nkhaniyi chifukwa cha kapumidwe kake. Madzi amasunga okosijeni wochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi mpweya, kotero nsomba imayenera kupopa madzi ochuluka kudutsa m'makha usana ndi usiku. Pakati pa madziwo ndi magazi ake pali kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi. Chilichonse chosungunuka m'madzimo chokonda mafuta chimangolowa. Munthu akamva fungo la toluene amatsegula zenera kapena kutuluka panja. Nsomba ya m'kamtsinje kakang'ono ilibe panja.

Anthu ambiri a mu labotale adzati iwo sathira chloroform kapena hexane mu sinki, ndipo ndikuwakhulupirira. Botolo lathunthu salithira. Koma onani chimene chimachitika pa fanelo yolekanitsira. Munthu wasakaniza madzi ndi chloroform, wagwedeza, wasiya kuti zidikhe. Chloroform, pokhala wolemera kuposa madzi, wakhala pansi. Watsegula kampopi, wamutsanulira m'botolo lake, watseka. Pamwamba patsala madzi oyera bwino, ndipo madzi amenewa kawirikawiri amapita mu sinki chifukwa "ndi madzi chabe". Si madzi chabe. Lita imodzi ya madzi imatha kusunga magalamu pafupifupi 8 a chloroform, ndiye kuti mamiligalamu 8,000, omwe ndi ochuluka ka 400 ndi kupitirira kuposa mlingo wopha theka la rainbow trout. Dichloromethane amasungunuka kuposa pamenepo, magalamu oposa 13 pa lita. Palinso kampope kakale kokoka mpweya pogwiritsa ntchito madzi a pampopi, komwe malabotale ena amakalumikizabe ku makina oumitsira mankhwala. Nthunzi iliyonse yomwe yalephera kugwidwa imakokedwa n'kutsika ndi madziwo mu ngalande, munthu ali chiimire pomwepo osaona kalikonse.

Kuti timvetse kutalika kwa mtunda pakati pa LC50 ndi mlingo umene akuluakulu amauona kuti ndi wabwino mu mtsinje, malamulo a European Union amathandiza. Mu 2008 anakhazikitsa kuti chloroform m'mitsinje ndi m'nyanja asapitirire mamaikulogalamu 2.5 pa lita pa avereji ya chaka, ndipo dichloromethane asapitirire 20. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligalamu. Ndiye kuti malire a chloroform ali pansi ka 7,000 poyerekeza ndi LC50 ija. Lita imodzi ya "madzi chabe" a pa fanelo aja, kuti isukuluke kufika pamenepo, ikufunika madzi oposa malita 3 miliyoni, oposa odzaza dziwe losambiramo pa mpikisano wa Olympics. Mpopi wa pa sinki, ngakhale muutsegule mpaka kumapeto, sungatulutse madzi amenewo lero kapena mwezi uno.

Nanga ofatsa aja, methanol, ethanol ndi acetone? Apa ndi pamene pepala la chitetezo limasocheretsa kwambiri, chifukwa mankhwala amenewa amapha nsomba m'njira imene LC50 siiona n'komwe. Kwa mabakiteriya a m'madzi, methanol ndi ethanol ndi chakudya chokoma, ndipo akamadya amagwiritsa ntchito okosijeni. Kuti galamu imodzi ya methanol iphwanyike yonse pamafunika magalamu 1.5 a okosijeni. Ethanol ndi acetone amafuna oposa magalamu awiri. Lita imodzi ya methanol imalemera magalamu pafupifupi 790, ndiye ikufuna okosijeni wokwana pafupifupi kilogalamu 1.2. Madzi otentha madigiri 20 amasunga mamiligalamu 9 okha a okosijeni pa lita, ndipo akafika madigiri 30 amasunga 7.5. Mukawerengetsa mupeza kuti lita imodziyo ingathe kumaliza okosijeni yense wa m'malita pafupifupi 130,000, dziwe la mamita 13 m'litali, 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuya. Ndipo sipafunika kumumaliza yense. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika okosijeni akatsika pansi pa mamiligalamu 4 kapena 5, ndipo zambiri zimafa akatsika pansi pa 2. Mu kathanki koyesera muja amaonetsetsa kuti okosijeni asachepe, choncho imfa ya mtundu umenewu siilembedwa m'kope.

Izi zinaonekera poyera ku Kentucky, m'dziko la America. Mu May 2000 nyumba yosungiramo mowa wa Wild Turkey pafupi ndi Lawrenceburg inapsa, ndipo mowa wambiri unatsikira mu mtsinje wa Kentucky. Nsomba zoposa 200,000 zinafa pa mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo chachikulu chimene chinazipha chinali kutha kwa okosijeni pamene mabakiteriya ankadya mowawo. Mu July 2019 zinachitikanso mu mtsinje womwewo itapsa nyumba ya Jim Beam, mpaka anachita kubweretsa makina opopera mpweya m'madzi. N'zoona, labotale siitaya migolo masauzande, ndipo mtsinje woyenda bwino umabwezeretsa okosijeni wake pamene ukuyenda. Koma ngalande zambiri sizithera mu mtsinje waukulu. Zimathera m'kakhwawa koyenda mwaulesi m'nyengo yotentha, ndipo usiku, zomera za m'madzi zikasiya kutulutsa okosijeni, kamakhala kali pamphepete kale. Makina amodzi olekanitsira ndi kuyezera mankhwala otchedwa HPLC, oyenda pa mililita imodzi pa mphindi, amatulutsa pafupifupi lita ndi theka ya zinyalala pa tsiku akamayenda osaima, ndipo gawo lalikulu la zinyalalazo ndi methanol kapena acetonitrile.

Pali chinanso chimene chimagwetsa ganizo loti "kanga n'kochepa". Popeza mankhwala osungunulira ambiri amapha m'njira imodzi, pounjikana m'mafuta a maselo, mphamvu zawo zimaphatikizana. Selo silisankha kuti uyu ndi toluene, uyo ndi acetone. Mu 1981 katswiri wa ku Netherlands, Hans Könemann, anasakaniza mankhwala 50 a mtundu umenewu, aliwonse pa mlingo wochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a LC50 yake, n'kuyesera pa nsomba za guppy. Aliwonse paokha sakanaoneka kuti achita kanthu. Pamodzi anapha ngati mankhwala amodzi pa mlingo wathunthu. Nyumba ya zasayansi ya pa yunivesite iliyonse ili ndi masinki makumimakumi, ndipo onse amakumana mu paipi imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo amene amausenza mtolowo ndi nsomba ya kumunsi kwa paipi.

Umboni umene umandikhutiritsa kuposa wonse ndi khalidwe la akatswiri oyesa nsomba eni ake. Akafuna kuyesa mankhwala osasungunuka m'madzi, monga ena ophera tizilombo m'munda, amayamba awasungunula mu acetone, methanol, ethanol kapena DMSO, kenako n'kuthira m'thanki. Malangizo a OECD amati chosungunulira chimenechi chisapitirire mililita 0.1 pa lita imodzi ya madzi, ndipo pakhale thanki ina yapadera yokhala ndi chosungunuliracho chokha, kuti aone ngati icho pachokha sichikusintha kanthu. Pa methanol, mililita 0.1 ndi mamiligalamu osakwana 80, mlingo wotsika pafupifupi ka 200 poyerekeza ndi LC50 yotsikitsitsa. Akatswiri ena atawunikanso nkhaniyi mu 2006 analangiza kuti pa kafukufuku wa kuberekana kwa nsomba mlingowo utsitsidwenso kasanu. Anthu amene amathera moyo wawo akuyang'ana nsomba m'mathanki sakhulupirira methanol pa mamiligalamu 80 mpaka atatsimikiza. Ife a pa sinki timamukhulupirira pa 15,000 chifukwa tawerenga mzere umodzi.

Ali ndi zifukwa zochenjerera. Mazira ndi tiana ta nsomba timakhudzidwa pa milingo imene nsomba yaikulu siimva. Ethanol amapundula tiana ta zebrafish tikadali m'dzira moonekeratu, maso ndi mutu zimakula molakwika, mwakuti ofufuza amagwiritsa ntchito nsomba imeneyi pophunzira mmene mowa umavulazira mwana wa munthu m'mimba. DMSO, yemwe LC50 yake imaposa mamiligalamu 30,000, ali ndi khalidwe lofewetsa zikopa za maselo, n'kutsegulira njira mankhwala ena oopsa kuti alowe mosavuta. Ndipo kansomba koledzera pang'ono, kosambira mochedwa, sikafunika kufa ndi mankhwala. Kadzadyedwa ndi mbalame kapena nsomba inzake, ndipo palibe amene adzalembe imfa yake. Tisaiwalenso kuti manambala onsewa anachokera ku mitundu yochepa yosavuta kuweta m'thanki, monga zebrafish, rainbow trout, fathead minnow, bluegill, guppy ndi carp, pamene m'madzi opanda mchere padziko lapansi muli mitundu ya nsomba pafupifupi 18,000. Mu 2023 bungwe la padziko lonse losamalira zachilengedwe la IUCN linalengeza kuti mtundu umodzi mwa inayi iliyonse yomwe linaiunika uli pa chiopsezo chotha.

Ena amadalira chithunzi cha pa botolo. Pa dongosolo la United Nations lolembera mankhwala pali chizindikiro cha nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma, ndipo anthu amaganiza kuti botolo lopanda chithunzichi ndi labwinobwino. Chithunzicho chimaikidwa pa mankhwala opha theka pa miligalamu imodzi pa lita kapena kucheperapo, kapena amene akudziwika kuti amawononga kwa nthawi yaitali. Hexane ali nacho. Mabotolo ambiri a toluene ndi chloroform alibe, ngakhale kuti lita imodzi ya toluene ndi yokwanira kufikitsa malita pafupifupi 150,000 a madzi pa mlingo wopha theka la rainbow trout. Mbali inayo, mawu oti "zachilengedwe" nawonso amapusitsa. M'malabotale oyeza tizidutswa ta mnofu todulidwa m'thupi la wodwala, ena anasiya xylene n'kuyamba limonene, wochokera m'makoko a malalanje, chifukwa amanunkhira bwino ndipo savutitsa kwambiri wogwira ntchito. Kwa nsomba limonene ndi woopsa kuposa xylene, amapha theka pa mlingo wosakwana miligalamu imodzi pa lita, ndipo botolo lake lili ndi nsomba yakufa ija. Mphuno ya munthu si chida choyezera zimene zichitike m'madzi.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo zenizeni. Yoyamba ndi yakuti malabotale ndi ang'onoang'ono poyerekeza ndi mafakitale, migodi, minda ndi zimbudzi za mizinda. Zoona. Kuphulika kumodzi kwa fakitale ku Jilin, m'dziko la China, mu November 2005 kunataya matani pafupifupi 100 a benzene ndi mankhwala ofanana naye mu mtsinje wa Songhua, mpaka mzinda wa Harbin unatseka madzi kwa masiku angapo. Palibe labotale ingafike pamenepo. Komabe fakitale yaikulu imakhala ndi chiphaso, imayenderedwa, ndipo ikalakwa dziko lonse limamva. Malabotale a m'sukulu, m'zipatala, m'mayunivesite ndi m'makampani ang'onoang'ono ndi ochuluka zedi, amwazikana paliponse, ndipo sinki zawo palibe amaziyang'ana. Kunena zoona, zimandinyansanso kuti nyumba imene imayeza madzi a anthu ena n'kuwauza kuti ndi oipa ikhale yothira chloroform m'ngalande yake.

Yachiwiri ndi yakuti mankhwala ambiriwa amauluka. Izinso n'zoona, dichloromethane amawira pa madigiri 40 okha, ndipo mu mtsinje wothamanga amatha m'maola kapena masiku ochepa. N'zoonanso kuti nsomba yoledzera ikapeza madzi oyera msanga imatsitsimuka. Koma mu paipi yotsekeka mulibe kouluka. Chloroform ndi dichloromethane, pokhala olemera, amadikha m'chigongono cha paipi pansi pa sinki n'kumasungunuka pang'onopang'ono m'madzi aliwonse odutsa. Kumene ngalande imathera m'dzenje, mankhwala okhala ndi chlorine amalowerera pansi n'kukafika m'madzi a pansi pa nthaka, komwe kulibe dzuwa kapena mphepo, ndipo amatha kukhalako zaka. Madzi omwewo ndi amene amatumphuka n'kudyetsa mitsinje m'chilimwe, nthawi imene madzi osukulutsira ali ochepa kwambiri.

Yachitatu ndiyo yamphamvu. Malo oyeretsera madzi oipa a mu mzinda, akamagwira bwino ntchito, amamaliza methanol ndi ethanol mosavuta. Ena amachita kugula methanol n'kumathira dala kuti adyetse mabakiteriya ochotsa nayitrojeni, monga amachitira ku Blue Plains mu mzinda wa Washington. N'chifukwa chake mayunivesite ena amalola kuthira ethanol wochepa, wosukuluka kale, mu sinki. Sinditsutsana nazo, bola chilolezocho chikhale cholembedwa, chotchula mankhwala ndi mlingo wake, chochokera kwa eni malo oyeretserawo. Koma malipoti a United Nations akusonyeza kuti madzi oipa ochokera m'nyumba oposa 40 peresenti padziko lapansi amatayidwa osayeretsedwa mokwanira. Malangizo olembedwera labotale yolumikizidwa ku makina amakono amakopedwa mawu ndi mawu n'kukapachikidwa pakhoma la labotale imene paipi yake imathera m'dambo kuseri kwa mpanda. Safunsa anadya phula. Funso loyamba pa tsiku loyamba la wophunzira aliyense liyenera kukhala lakuti sinki iyi imathera kuti, ndipo ngati mkulu wa labotale sangathe kuyankha, sinkiyo ikhale yosambira m'manja basi.

Ndikukayika kuti umbuli ndiwo gwero lenileni la khalidweli. Ogwira ntchito mu labotale ambiri amadziwa bwino lomwe kuti payenera kukhala zigubu ziwiri, china cha mankhwala okhala ndi chlorine, china cha opanda. Amadziwanso chifukwa chake: a chlorine amafunika kuwotchedwa pa moto waukulu, ku Europe lamulo limati madigiri 1,100, ndipo kapu imodzi ya chloroform ikagwera m'chigubu cha acetone, chonsecho chimasanduka chodula kutaya. Chimene chimachitika ndi chakuti chigubu chadzaza, chachiwiri chadzazanso, wodzatenga sakubwera chifukwa sanalipidwe, ndipo ntchito ikufunika mawa m'mawa. Wogwira ntchito amayang'ana chigubu, amayang'ana sinki, amadikira anzake atuluke. Ena amasiya chotengera chosavundikira m'kabati yokoka mpweya kuti chiume chokha usiku, komwe ndi kutaya komweko, kungoti kudzera padenga. Kumukalipira munthu ameneyu n'kosavuta, koma sikuchotsa chigubu chodzaza.

Mlandu waukulu ndikuuika kwa amene amagawa ndalama. Pa bajeti ya kafukufuku pamakhala mzere wogulira mankhwala, ndipo kawirikawiri sipakhala mzere wowatayira. Wopereka thandizo amafunsa ngati nyama zoyesera zisamalidwa bwino, ngati anthu ofunsidwa mafunso avomereza, koma kamodzikamodzi amafunsa kumene malita a acetonitrile akathere. Wogulitsa amatumiza botolo kulikonse kumene kuli wogula, osasamala ngati kumeneko kuli ng'anjo yowotchera zinyalala zake. Ine ndikuona kuti amene amadziwa njira yofikitsira botolo lodzaza ayenera kudziwanso njira yobwezera chigubu chake, ndipo mtengo wa ulendo wobwererawo ulowe mu mtengo wa botolo.

Zambiri zochepetsera vutoli sizodula. Kampope ka magetsi kokhala ndi kogwirira nthunzi kamalowa m'malo mwa kampope kamadzi kaja. Pa HPLC, kusintha kuchoka pa column, chubu chimene mankhwala amadutsamo, ya mamilimita 4.6 m'lifupi kupita pa ya 2.1 kumachepetsa mankhwala ofunika ndi pafupifupi magawo anayi mwa asanu. Acetone wotsukira ndi xylene wa m'zipatala amatha kutchezedwanso n'kugwiritsidwa ntchito kangapo. Pa ntchito zambiri zolekanitsa mankhwala, ethyl acetate wosakaniza ndi ethanol amagwira m'malo mwa dichloromethane, ndipo chiyambire pamene bungwe loteteza chilengedwe la EPA ku America linakhwimitsa malamulo a dichloromethane mu 2024, malabotale ambiri kumeneko akakamizika kuyesa njira zoterezi, ngakhale kuti lamulolo linabwera poteteza anthu osati nsomba. Posankha cholowa m'malo pafunika kuwerenga gawo 12 lonse, chifukwa heptane, amene ambiri amathawirako posiya hexane, ndi wabwinopo kwa mitsempha ya munthu koma nayenso ali ndi chithunzi cha nsomba yakufa. Madzi a pa fanelo ndi otsukira oyamba apite m'chigubu, ngakhale achititse kuti chidzaze msanga.

Kwa oyendera malabotale ndi akuluakulu a masukulu ndili ndi pempho limodzi losafuna chida chilichonse choyezera. Labotale iliyonse ili ndi malisiti a zimene inagula chaka chatha. Iyeneranso kukhala ndi malisiti a zinyalala zimene inapereka kwa wozitaya. Ikani mapepala awiriwa pambali ndi pambali, malita ogulidwa uku, malita operekedwa uko, n'kuchotserapo amene akadali pa shelefu. Ena adzakhala atauluka pogwira ntchito, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma pamene malita 200 analowa, 20 okha n'kutuluka pakhomo, mkulu wa labotaleyo afotokoze molemba kumene 180 enawo anapita, ndipo oda yotsatira ya mankhwala idikire yankho lake.